Mwana wa mlongo wanga akufuna kukachita medical assistant, tithandizeni nzeru

A Banda: Moni nonse a pagulu lino la kwathu ku Kasungu. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wa mlongo wanga, mtsikana, yemwe wakhoza MSCE ndipo masayansi anayenda bwino ndithu. Mtima wake uli pa zachipatala, akuti akufuna akachite medical assistant, ya zaka 2 ija. Bambo ake anatisiya kale, ndiye fizi ili pamutu panga, ndipo ndalama yanga imachokera mu fodya ndi soya basi. Sindikufuna kumuika mwana panjira yoti mawa adzalire nayo. Amene mukuidziwa ntchitoyi tiuzeni zoona zake, zokoma ndi zowawa zomwe.

Nachisale: Pepani ndifunse kaye, kodi medical assistant ndi namwino si chimodzimodzi?

A Mwale: Ayi achemwali, n'zosiyana. Ine ndi ntchito yanga imeneyi, ndili pa chipatala china chaching'ono kuno kwathu konkuno. Mukafika pa health centre n'kukhala pamzere ndi kabuku kanu, munthu amene mumamupeza m'kachipinda muja, wokufunsani kuti "chikukuvutani n'chiyani", n'kukuyezani, n'kukulemberani mankhwala, nthawi zambiri ameneyo ndiye medical assistant. Anamwino ndi azamba ali ndi mbali yawo, makamaka ku matenite, ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi kulera. Maphunziro athu ndi setifiketi ya Clinical Medicine, zaka 2. Pamwamba pathu pali clinical officer, wa dipuloma ya zaka 3 kuonjezapo chaka cha internship chogwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo pamwamba pake ndiye dokotala wa digiri. Tonse atatufe timalembetsa ku Medical Council of Malawi, popanda pepala lawo sugwira wodwala.

A Banda, chokoma choyamba n'chakuti zaka 2 sizichedwa. Kwa banja loti ndalama ikuchokera ku okushoni, kusiyana kwa zaka 2 ndi zaka 4 kapena kuposera apo n'kwakukulu.

A Banda: Zikomo a Mwale. Pitirizani, ndikumvetsera.

A Mwale: Chokoma chachiwiri ndi ntchito yeniyeniyo. Sukhala wonyamulira wina chikwama, umachiritsa anthu ndi manja ako. Ndikuuzeni za nyengo ya mvula ngati Febuluwale. Mayi amafika pa kabaza, mwana ali kumsana, thupi latentha, akukomoka, maso atembenuka. Umamugoneka cham'mbali, kuletsa kukomokako, kumubaya chala kuyeza malungo, kuona shuga ngati zoyezera zilipo, kuyang'ana m'zikope ndi m'zikhato ngati magazi achepa. Umabaya artesunate, mankhwala a malungo aakulu, n'kuyamba kuimbira ambulansi. Pakapita masabata awiri mayi yemweyo akubwera ku sikelo, mwana uja akulimbirana chitumbuwa ndi mkulu wake. Chimwemwe chimenecho sindinachipezepo kwina.

Ndipo umaona zonse. Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, mabala a khasu ndi chikwanje, olumidwa ndi njoka, olumidwa ndi galu woganiziridwa chiwewe, a BP, a shuga, a khunyu, odzatenga ma ARV, a chifuwa chachikulu. Kuno kwathu kulinso zathuzathu. Nthawi yothyola fodya matenanti amabwera ndi mutu, chizungulire ndi kusanza, ukayeza malungo palibe. Ukafunsa bwino upeza kuti amathyola fodya wonyowa ndi mame m'mamawa, chikonga chalowera pakhungu. Amene ali m'mbali mwa nkhalango ya Kasungu amayeneranso kukumbukira kaodzera wa kashembe pamene wodwala akungotentha thupi koma mankhwala a malungo sakugwira. Munthu wokonda kuganiza sangatope nayo ntchito imeneyi.

Make Tadala: A Mwale mwanena zokoma zokhazokha. Ine ndine mkazi wa medical assistant, ndiye ndiloleni ndinene za kuseri kwa chitseko.

Nyumba yathu ili mkati mwa mpanda wa chipatala. Tanthauzo lake n'lakuti bambo a kunyumba saweruka. Nsima ili patebulo, mlonda wagogoda. Pakati pa usiku, mlonda wagogoda. Lamlungu tavala kuti tizipita ku tchalitchi, ngolo yafika ndi wodwala. Pa chipatala pathu kwa nthawi yaitali anali yekha wolemba mankhwala, ndiye ngakhale maliro a kwawo ankapita m'mawa n'kubwerera madzulo omwewo, chifukwa akachoka palibe woona odwala. Akamabwera kudzadya masana nthawi imakhala itapitirira kale, mawu atasasa chifukwa cholankhula ndi mzere wa anthu kuyambira m'mawa. Ana amagona asanawaone bambo awo pamene bambowo ali pamtunda woti ukaitana amva.

Sindikunena kuti mwana asapite. Koma amalume adziwe kuti ntchito imeneyi imalowa mpaka kuchipinda.

Nachisale: Eee, Make Tadala, pepani. Ife timangoona ngati adokotala amachedwa dala kutsegula.

A Kamanga: Ine ndiyankhule ngati wodwala, chifukwa nafenso tili ndi mbali yathu. Mayi anga anadwala chaka chatha, tinawatengera pa chipatala china cha kumudzi. Tinafika dzuwa lisanatuluke, tinaonedwa masana. Kulowa m'kachipinda muja, munthu sanadzutse n'komwe mutu, amayi asanamalize kufotokoza iye walemba kale panado. Ku famase akuti mankhwala ena kulibe, kagulani. Tinakagula pa sitolo pa trading, ndalama ya feteleza inathera pamenepo. Ndiye a Banda, ngati mwana wanu akupita kumeneko, mumuuze kuti wodwala ndi munthu. Ena mwa anthu amenewa mtima unauma.

A Mwale: A Kamanga, pepani kwambiri chifukwa cha amayi. Kusadzutsa mutu kuja n'kulakwa, sindingakuikire kumbuyo. Moni salipira. Ndipo dziwani kuti muli ndi kokadandaula, pali komiti ya chipatala ya anthu a m'mudzi momwemo, komanso m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo a odwala.

Koma za mankhwala ndikupempheni mumvetse. Ife sitigula mankhwala. Timalemba oda, imapita ku boma, mankhwala amachokera ku Central Medical Stores Trust. Zikabwera zochepa, kapena osabwera n'komwe, amene amayang'anana maso ndi wodwala ndi ine. Ukudziwa bwinobwino kuti mwana uyu akufunika amoxicillin, pashelefu palibe, mayi ake alibe ngakhale ya kabaza yobwerera. Ukamuuza kuti akagule, kumudzi imamveka kuti adokotala agulitsa mankhwala. N'zoona kuti akuba mankhwala alipo ndipo ena anamangidwapo, koma chitonzo chake chimagwera tonse. A Banda, chowawa chachikulu kwa ine n'chimenechi, kuposa ngakhale malipiro: kudziwa chochita koma wopanda chochitira.

A Kamanga: Ndamva a Mwale. Za ombudsman sindinkazidziwa. Koma moniwo muziwakumbutsa anzanu.

Agogo a Gondwe: Ana anga, ine ndinapuma pa ntchito imeneyi, ndinaigwira kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ndikuwerenga zonsezi mtima uli kumbuyo.

Masiku amenewo madokotala a Chimalawi anali owerengeka, sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Dziko linkayenda ndi ma medical assistant ndi ma clinical officer, ndipo kumudzi mpaka lero zili choncho. Zaka za m'ma 1990 zinali zowawa zedi, edzi inkatenga anthu ife tikungoyang'ana. Aphunzitsi, alimi, anzathu a ntchito omwe. Tinalibe chowapatsa koma bactrim ndi mawu olimbikitsa. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, sakanafika kumudzi akanadikira madokotala a digiri. Anawafikitsa ndi ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino. Mu 2011 Malawi inayamba ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, maiko ena anatengera kwa ife. Ana amene anabadwa opanda kachilombo chifukwa cha zimenezo lero ali ku sekondale. Ndikawaona ndimadziwa kuti moyo wanga sunapite pachabe.

Koma a Banda, ndikuuzeni chimene ndimauza mwana aliyense. Ine ndinapuma ndili medical assistant yemweyo. Penshoni yake ndi yoonda. Anzanga amene anabwerera kusukulu msanga anapuma ali patali. Mwanayo akalowa, asakhazikike pa setifiketi.

A Banda: Zikomo agogo, mawu anu ndawasunga. Ndiye kubwerera kusukuluko kumatheka bwanji?

A Zimba: Ndiyankhe ine amalume, chifukwa ndinadutsa njira imeneyo. Ndinayamba ngati medical assistant, nditagwira zaka zingapo ndinabwerera ku Malawi College of Health Sciences kukachita dipuloma, pano ndine clinical officer. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Clinical officer amalowa ku fiyeta, maopaleshoni ambiri a amayi olephera kubereka m'zipatala za maboma amachita ndi ma clinical officer. Giredi imakwera, malipiro amasuntha. Ukafuna kupitirira, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kuli madigiri a ma clinical officer, munthu n'kukhala katswiri wa mbali imodzi monga ya ana, ya amayi kapena ya maopaleshoni.

Vuto lake, khomo lobwererali ndi lopapatiza. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Uyenera kupempha tchuthi cha maphunziro, ndipo ngati uli wekha pa chipatala akuluakulu amazengereza kukumasula chifukwa palibe wolowa m'malo mwako. Nthawi imeneyo uli ndi banja, ana ali pasukulu, abale akuyang'ana kwa iwe. Ambiri amakanirira pamenepo osati chifukwa cha ulesi ayi.

Ndiye langizo langa ndi ili. Ngati mapointi a mwanayo akulola kulowa dipuloma mwachindunji, limbanani nayo dipulomayo, chaka chimodzi choonjezeracho chidzabweza chokha. Setifiketi ikhale njira yachiwiri.

A Mwale: Apa a Zimba sindikutsutsani, koma tisaiwale thumba la amalume. Chaka chimodzi cha fizi, malo ogona ndi chakudya ku Lilongwe si masewera kwa mlimi. Fodya akagwa mtengo chaka chachitatu mwana n'kusiyira panjira, ndiye kuti watuluka wopanda pepala lililonse.

A Zimba: N'zoona. Awerengere bwino asanasankhe.

Mphwanu wa ku Chamama: Akuluakulu, pali chinthu simunachitchule. Ine ndinamaliza setifiketi yomweyi, ndinalembetsa ku Medical Council, koma mpaka pano boma silinandilembe. Kale munthu ukamaliza unkangouzidwa kopita. Pano umadikira kuti alengeze mipata, mumakhamukira ku mayeso anthu ochuluka pa malo ochepa. Panopa ndikugwira pa kachipatala kena ka munthu, malipiro ake amabwera modukizaduka, mwezi wina theka, mwezi wina akuti dikira. Ndimapitanso kukathandiza pa chipatala cha boma mongodzipereka kuti manja asaiwale. Chondipweteka n'chakuti ndikapita kumeneko ndimapeza mzere wafika pa mtengo wa mango panja, wolemba mankhwala ndi mmodzi, ine wophunzira ndili pakhomo. Amalume akonzekere kuti mwana akamaliza atha kubwerera pakhomo kaye.

Make Tadala: Zoona mphwanga, alipo ambiri otere. Limbani mtima.

Nachisale: Nanga zipatala za mishoni sizilemba? Kuno tili ndi St Andrew's ku Mtunthama, kulinso Nkhamenya.

A Zimba: Zimalemba, koma zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, malipiro a antchito ambiri amachokeranso ku boma, ndiye boma likamanga thumba nakonso mipata imachepa. Kwina ndi mabungwe a zaumoyo, amalipira bwinoko koma ndi makontirakiti, thandizo la kunja likaduka ntchito yathera pomwepo. Ena akagwira zaka zokwanira amapempha chilolezo ku Medical Council n'kutsegula kachipatala kawo pa trading. Za kunja kwa dziko musawerengere, setifiketi imeneyi siyenda ngati pepala la unamwino limene linatengera anzathu ambiri ku UK.

A Banda: Nanga malipiro a boma, munthu n'kukhala nawo?

A Mwale: Amabwera mwezi ndi mwezi, chimenecho n'chokoma poyerekeza ndi ulimi wodikira kamodzi pachaka. Banki imakukhulupirira, penshoni ilipo. Koma kukwana sakwana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo, mafuta ophikira, thiransipoti, zonse zinakwera, ndipo malipiro sanathamange liwiro lomwelo. Ya locum, imene umagwira nthawi yako yopuma, imachedwa miyezi. Tili ndi bungwe lathu la PAUM lotilankhulira pa nkhani za ma alawansi, koma zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Ambirife timalima. Ine chimanga ndi mtedza sindigula, ndipo kukhala kumudzi kumathandiza pamenepo, lendi ndi yochepa, nkhuni ndi ndiwo zili pafupi.

Make Tadala: Ine ndili mu banki m'khonde ndipo ndimagulitsa mandasi pa geti. Popanda zimenezo fizi ya ana sikanatheka.

Anaphiri: Ndachedwa kulowa, ndinali ku ntchito. Ndawerenga zonse, koma onse amene ayankha za ntchitoyi ndi abambo, pamene mwana akunenedwayu ndi mtsikana. Ine ndine medical assistant wamkazi, ndiye ndinenepo.

Choyamba amalume musaope kuti ndi ntchito ya amuna. Amayi ambiri amamasuka akapeza mkazi mnzawo m'kachipinda muja. Mayi amene kwa mwamuna akanangoti "m'mimba mukupweteka", kwa ine amatseka chitseko n'kunena zenizeni, kaya ndi matenda opatsirana pogonana, kaya akutaya magazi mosalekeza, kaya akumenyedwa kunyumba. Atsikana a sukulu chimodzimodzi. Pali matenda amene ndawagwira msanga chifukwa chongoti munthu anamasuka.

Koma zovuta zake ziliponso za ife tokha. Ukafika kumene uli mtsikana, madala ena amalowa n'kufunsa kuti adokotala ali kuti, iwe uli pompo ndi chovala choyera. Zimatha akaona ntchito yako. Chimene sichitha ndi usiku. Kuitanidwa pakati pa usiku, magetsi a sola atha mphamvu, ukusoka bala la munthu amene wamenyedwa ku mowa, anzake oledzera adzaza pakhomo akukulamula, mlonda ndi mmodzi wokalamba, tochi ya foni wakugwirira ndi mlangizi wa zaumoyo amene wadzuka kudzakuthandiza. Pamafunika mtima. Nkhani ya banja nayonso, ukakwatiwa ndi munthu wogwira ntchito ku tauni, kupempha kusamutsidwa kumatenga nthawi.

Ndipo pali usiku wina umene sutuluka m'mutu. Mayi wabereka bwinobwino koma magazi sakuleka. Ine ndi azamba tabaya oxytocin woletsa kutaya magazi, tikusisita chiberekero, taika madiripi mikono yonse iwiri. Chofunika ndi magazi ndi fiyeta, zimene zili ku boma. Ukuimba foni, ambulansi yapita kwina, kapena mafuta palibe, kapena mvula yagwa msewu wa dothi sukudutsika. Umakhala pambali pake ukuwerenga kugunda kwa mtima, ukuyankhula naye kuti asagone. Amene ndikumukumbukirayu anafika ku boma ali moyo ndipo anachira. Si onse amafika. Mawa lake mzere uli pakhomo ngati kale, palibe amene amakufunsa kuti wagona bwanji.

Agogo a Gondwe: Mwana wanga Anaphiri, wanena zoona zokhazokha. Mutu umodzi susenza denga, uzikhala ndi mnzako womuuza zimenezi, usamazisunge wekha.

Anaphiri: Zikomo agogo. Ine ndi azamba athu timakhala pansi n'kukambirana, zimathandiza. Ndionjezere za matenda otengera ku ntchito. Singano imatha kukubaya, ndipo zikatero pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV, oyenera kuyamba msanga, asanadutse maola 72. Chifuwa chachikulu timapumira limodzi ndi odwala m'kachipinda kopanda mawindo okwanira. Nthawi ya Covid ndi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anthu ena ankathawa odwala, ife tinkapita kumene kuli odwalawo. Mwana adziwe zimenezi asanalowe. Ine ndinazidziwa ndipo sindinasinthe maganizo, ntchitoyi ndimaikonda.

A Kamanga: Anaphiri, mwandikhudza. Tikanakhala ndi ambiri ngati inu.

Nachisale: Komanso ulemu umene amalandira kumudzi si wamasewera. Kwathu adokotala akadutsa pa msika aliyense amaimirira kupereka moni, pa ukwati amawapatsa mpando kutsogolo.

Make Tadala: Ulemu ulipodi, nthawi yokolola ena amabweretsa maungu, mtedza, nthawi zina nkhuku. Koma ulemu womwewo umabwera ndi katundu. Abale a kumudzi amaganiza kuti muli ndi ndalama, ndipo aliyense wokumana naye panjira amafuna amuyeze pomwepo.

Mphwanu wa ku Chamama: Amalume, chinanso. Samalani ndi masukulu. Masiku ano atseguka ambiri olonjeza maphunziro a zachipatala. Musanalipire kalikonse funsani ku Medical Council ku Lilongwe ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka. Ndikudziwa anzanga amene makolo awo anataya ndalama pa pepala loti sangalembetse nalo. Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo ndi odziwika kuyambira kale. Muonenso chilengezo cha chaka chino kuti akufuna makirediti ati komanso akutenga maphunziro ati, chifukwa zimasintha.

A Banda: Abale anga, ndathokoza kwambiri. Madzulo ano ndamuitana mwanayo pamodzi ndi mayi ake, ndawawerengera zonse kuyambira kwa a Mwale mpaka kwa mphwathu wa ku Chamama, osadumpha ngakhale za a Kamanga. Mayi ake anachita mantha ndi za usiku zija. Mwiniwake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati angathe kuonana ndi Anaphiri maso ndi maso, akuti ali ndi mafunso amene sangafunse kudzera mwa amalume. Tagwirizana kuti alembere zonse ziwiri, dipuloma ndi setifiketi. Akamutenga ku dipuloma ndikhala pansi ndi abale ena tione mmene tingagawanirane fizi ya zaka 3, chifukwa ndekha sindingathe. Anaphiri, kodi n'zotheka?

Anaphiri: N'zotheka amalume. Loweruka ndili pa ntchito, koma Lamlungu masana ndimakhala pakhomo. Ndikulemberani kumbali kuti ndikuuzeni njira. Abwere ndi mayi ake, nawonso ndiwayankhe za usikuzo.

A Zimba: Akamalemba kalata yofunsira malo munditumizire ndiione kaye. Ndipo asadikire tsiku lomaliza, mapepala a MSCE akawasindikizire ku boma sabata ino.